Kusiya Ntchito Yokutopetsani N'kukaphunzitsa Masewera Olimbitsa Thupi: Mafunso ndi Mayankho

Mukadutsa m'mamawa cha ku Kamuzu Stadium mu Blantyre kapena pafupi ndi Bingu National Stadium ku Lilongwe, mumakumana ndi anthu thukuta lili kamukamu. Ena akuthamanga m'mbali mwa msewu, ena akudumpha potsatira nyimbo ndi mawu a mphunzitsi amene waima kutsogolo. Pagulu lotero sipalephera munthu amene akangoganiza za Lolemba mtima umamuwawa, ndipo akamayang'ana mphunzitsiyo amadzifunsa chamumtima ngati iyenso sangathe. Chomugwira miyendo n'chakuti alibe pepala lililonse la ntchitoyi. Mafunso otsatirawa ndi a munthu ameneyo.

Kodi munthu wopanda satifiketi angathe kulowa ntchito imeneyi?

Angathe kuyamba, ndipo ena otchuka pa ntchitoyi anayamba choncho. Beto Pérez, amene anayambitsa Zumba, ankaphunzitsa aerobics mumzinda wa Cali ku Colombia. Tsiku lina anaiwala kaseti ya nyimbo zophunzitsira, ndiye anangotenga makaseti ake a salsa ndi merengue n'kuwavinitsa anthu zomwezo, anthu n'kuzikonda. Mu 1999 anasamukira ku Miami, ndipo mu 2001 iye ndi anzake awiri anatsegula kampani imene lero ili ndi aphunzitsi m'mayiko ambirimbiri. Joseph Pilates naye sanali dokotala. Masewera amene amadziwika ndi dzina lake anayamba kuwakonza ali mumsasa umene boma la Britain linatsekeramo nzika za Germany pa chilumba cha Isle of Man, nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, asanapite kukatsegula malo ake ku New York.

Koma nkhani zoterezi timakonda kuzimva theka. Pérez anali wovina kuyambira ali mwana, ndipo anaphunzitsa zaka zambiri dzina lake lisanamveke kunja kwa Colombia. Pilates anachitapo masewera a nkhonya ndi ena otambasula thupi, ndipo anadziphunzitsa yekha mmene minofu ndi mafupa zimagwirira ntchito. Anthuwa ankasowa pepala lokha, nzeru ya ntchito anali nayo. Choncho mwayi ulipo, koma musalowe chimanjamanja.

Ndakhala ndikunyamula zitsulo zaka zambiri, thupi langa aliyense amaliona. Kodi umenewu si umboni wokwanira?

Ndi umboni wakuti mumalidziwa thupi lanu. Anthu amene adzakulipireni ali ndi matupi ena. Mnyamata wa zaka 22 wofuna mapewa aakulu kawirikawiri salipira mphunzitsi. Amapita kuseri kwa nyumba ya mnzake kukanyamula zitsulo zowotcherera ndi zitini za simenti. Kwa inu kudzabwera mayi wa zaka 45 amene adokotala amuuza kuti achepetse thupi, bambo wokhala pampando tsiku lonse amene mawondo ayamba kumuwawa pokwera masitepe, mtsikana amene anabereka mwa opaleshoni miyezi ingapo yapitayo. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa n'komwe. Pagulu la anthu 15 amene aima patsogolo panu, werengerani nokha kuti ndi angati.

Munthu wotero mukamuchititsa zimene mumachita inu, mumupweteka. Kunyamula chitsulo cholemera atagwira mpweya kumakweza BP mwadzidzidzi. Wodwala shuga amene akumwa mapiritsi ena kapena kubaya insulin, shuga wake amatha kutsika kwambiri ali mkati mwa masewera. Amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira ndi kusokonezeka mutu, ndipo mphunzitsi wosadziwa amayesa ulesi n'kumamukuwiza kuti alimbikire, pamene munthuyo akufunika chakumwa chotsekemera msanga. Palinso vuto lotchedwa rhabdomyolysis, limene limabwera munthu wosazolowera akakakamizidwa kupyola muyeso: minofu imaphwanyika mkati, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo impso zimatha kuwonongeka. Zinthu izi munthu sazidziwa podziyang'ana pagalasi, zimachita kuphunziridwa.

Ndiye ndiyambire pati?

Yambani ndi maphunziro a chithandizo choyamba. A Malawi Red Cross Society amaphunzitsa, a St John nawonso, ndipo satenga masiku ambiri. Kumeneko mudzaphunzira chochita munthu akagwa n'kusiya kupuma, njira imene amaitcha CPR: kudinikiza pachifuwa ka 30, kumuuzira mpweya kawiri, n'kubwerezanso, pa liwiro la ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Mudzaphunzira kusiyanitsa amene wangobinya phazi ndi amene wathyoka, amene wangotopa ndi amene mtima wake uli pangozi. Ine sindingalole mbale wanga kuphunzitsidwa ndi munthu amene sanapiteko ku maphunziro amenewa, kaya akhale ndi minofu yotani.

Kenako phunzirani kufunsa musanaphunzitse. Pali pepala lotchedwa PAR-Q, lochokera ku Canada, lopezeka mwaulere pa intaneti. Lili ndi mafunso 7, monga ngati dokotala anamuuzapo munthuyo kuti ali ndi vuto la mtima, ngati amamva kuwawa pachifuwa, ngati amachita chizungulire kapena kukomoka, ngati ali ndi vuto la mafupa, ngati akumwa mankhwala a BP. Akayankha kuti inde pa funso limodzi lokha, akaonane kaye ndi achipatala. Anthu athu ambiri satchula matenda awo pagulu, choncho mutengereni aliyense pambali, mumufunse m'chinenero chimene amamasuka nacho. Makina opimira BP a mabatire amagulitsidwa m'mafamase. Gulani amodzi, ndipo mukapeza 140/90 kapena kuposa, dziwani kuti munthuyo akufunika kukapimidwa bwino kuchipatala.

Mukatero pezani mphunzitsi amene mumamulemekeza, mumupemphe kuti muzimuthandiza. Mudzanyamula sipika, mudzayala timphasa, mudzaima kumbuyo n'kumakonza amene akupinda msana molakwika. Mwina sadzakulipirani kanthu, mwina adzangokupatsani ya minibasi. Koma mudzaona zimene buku silingakuonetseni: mmene amayambira pang'onopang'ono kuti thupi litenthe, mmene amapatsira agogo masewera opepuka popanda kuwachititsa manyazi, mmene amawerengera mogwirizana ndi nyimbo, mmene amalankhulira ndi munthu amene wasowa milungu iwiri kuti abwererenso. Amakaniko ambiri ntchito anaidziwa poperekera masipanala, ndipo iyinso imadziwika choncho.

Nanga maphunziro enieni a ntchitoyi amapezeka kuti?

Njira yaitali ndi ya kuyunivesite. Malawi University of Science and Technology ku Thyolo ili ndi digiri ya sayansi ya zamasewera, ndipo Kamuzu University of Health Sciences ili ndi ya physiotherapy. Izi zimatenga zaka zinayi kapena kuposerapo ndipo zimafuna MSCE yabwino, choncho munthu wapabanja amene ali kale pantchito zimamuvuta. Mabungwe a masewera osiyanasiyana amene ali pansi pa Malawi National Council of Sports amachititsa maphunziro aafupi a makochi nthawi ndi nthawi. Pitani ku maofesi awo mukafunse, musadikire kuti mudzamve pa wailesi.

Njira ina ndi ya pa intaneti. Ku America kuli mabungwe monga ACE, NASM, ACSM ndi ISSA amene amapereka satifiketi ya wophunzitsa munthu payekha. A ACE ndi a NASM safuna digiri. Amafuna kuti mukhale mutamaliza sekondale ndiponso mukhale ndi pepala la CPR, kenako mumawerenga nokha miyezi ingapo musanalembe mayeso, ndipo satifiketi yake imafunika kuikonzanso zaka ziwiri zilizonse. Polemera pake ndi mtengo. Ndi madola mazana angapo, ndipo tonse tikukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza ku banki. Musanalipire, funsani ngati mayeso ake mungalembe muli konkuno. Pitaninso ku jimu kapena mahotela kumene mukufuna kudzagwira ntchito, mukamve kuti iwo amalandira pepala liti.

Chenjerani ndi masatifiketi amene amatumizidwa pa WhatsApp munthu atangoonera mavidiyo maola awiri. Palinso ziphaso zenizeni koma zopapatiza. Maphunziro oyamba a Zumba amatha tsiku limodzi ndipo amakupatsani ufulu wogwiritsa ntchito dzina ndi kavinidwe kake, koma tsiku limodzi silingakuphunzitseni za mawondo a munthu wolemera makilogalamu 110.

Ngati ndalama ya satifiketi palibe chaka chino, musapinde manja. Malangizo a WHO a 2020 ndi aulere: munthu wamkulu azichita masewera apakatikati mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, kapena amphamvu mphindi 75 mpaka 150, kuwonjezerapo olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposa. Pezani buku la kapangidwe ka thupi, muphunzire minofu ikuluikulu ndi ntchito zake, mumvetse chifukwa chake katundu amawonjezeredwa pang'onopang'ono ndi chifukwa chake thupi limafuna masiku opuma. Ola limodzi usiku uliwonse kwa chaka lidzakufikitsani patali, ndipo tsiku limene ndalama idzapezeke mayeso sadzakuvutani.

Ine ndili ku Johannesburg, mnzanga ali ku Leeds. Kwa ife zili bwanji?

Kumeneko pepala limafunika msanga. Ku Britain palibe lamulo loletsa munthu kudzitcha mphunzitsi wa masewerawa, koma eni jimu ndi a inshuwalansi amafuna kuona Level 2, ya wothandiza anthu mu jimu, kapena Level 3, ya wophunzitsa munthu payekha. Bungwe loyang'anira miyezo ya ntchitoyi ndi CIMSPA, ndipo musanalipire sukulu iliyonse onani ngati bungweli limaivomereza. Level 2 safuna digiri, ndipo ambiri amaiphunzira madzulo ndi kumapeto kwa mlungu adakali pantchito. Ku South Africa kuli kaundula wa REPSSA, ndi sukulu monga HFPA ndi eta College. Koma choyamba werengani chiphaso chanu chokhalira m'dzikomo. Amene anapita ku Britain pa viza yomangirizidwa kwa bwana amene anamuitana, monga ambiri osamalira okalamba, akasiya ntchitoyo akhoza kutaya ufulu wokhalamo. Funsani wodziwa malamulo musanalembe kalata iliyonse.

Ndingadziwe bwanji kuti ntchitoyi ndikuifunadi, kapena ndikungothawa kumene ndili?

Funso ili ndilo lofunika kukhala nalo pansi n'kuliganizira mofatsa. Munthu amene bwana amamukalipira pamaso pa anzake, kapena amene wakhala zaka 10 pa desiki imodzi osakwezedwa, ola limene amakhala ku jimu ndi lokhalo limene mtima wake umakhala m'malo. N'zomveka kuti aziganiza kuti tsiku lonse litakhala ngati ola limenelo, bwenzi moyo ukukoma. Ululu wake ndi weniweni ndipo sindikuupeputsa. Ntchito yodana nayo imadwalitsa, imalanda tulo, imafika mpaka kunyumba n'kumakalipitsa ana osalakwa.

Koma ola lija limakoma chifukwa ndi lanu. Mukakhala mphunzitsi limakhala la ena. Muzidzadzuka 4 koloko kuti 5 koloko ikupezeni pabwalo, mu Juni kukuzizira, mwina n'kupezako anthu atatu okha. Masana anthu anu onse ali ku ntchito, inu mulibe chochita. Madzulo pamene ana anu akufuna kukuonani ndi pamene kalasi yachiwiri ikuyamba. Loweruka, tsiku la maukwati ndi zinkhoswe, ndilo tsiku lanu lalikulu la ntchito. Mawu omwewomwewo, "wongolani msana, pumani, musagwire mpweya", muzidzawabwereza kambirimbiri. Muzidzamvetsera madandaulo a m'mabanja a eni, muzidzalondola ngongole kwa anthu amene mumaseka nawo, ndipo nthawi ya masewera anuanu idzachepa. Pamalo pa bwana mmodzi amene mukumuthawayo padzakhala mabwana 20, aliyense ndi khalidwe lake.

Dzifunseni chimene chimakusangalatsani kwenikweni: kuona mkono wanu ukukula, kapena kuona mayi amene sankatha kunyonyomala n'kudzukanso akuchita zimenezo kakhumi osagwira pena paliponse. Ngati ndi chachiwiri, ntchitoyi ingakuyaneni. Ngati ndi choyamba, palibe cholakwika, koma mwina chimene mukusowa ndi ntchito ina kwa bwana wina, jimu n'kukhalabe malo anu opumirako.

Bwanji osangosiya ntchito n'kuikapo mtima wonse? Paja akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Anaterodi, koma ananenanso kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Malipiro amene mukulandirawo, ngakhale ndi owawa, ndi amene adzalipire maphunziro, sipika ndi lendi pamene mukuphunzira. Ndipo ntchito iyi ili ndi mwayi umene ntchito zambiri zilibe: nthawi yake siwombana ndi ya muofesi. Anthu amachita masewera dzuwa lisanatuluke, akaweruka, ndi kumapeto kwa mlungu. Mutha kuiyesa yonse mudakali pantchito.

Yambani ndi anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, anzanu a kuntchito, a ku tchalitchi kapena ku mzikiti, aneba. Auzeni zoona, kuti mukuphunzira. Mwezi woyamba ungakhale waulere, koma wachiwiri alipire, ngakhale pang'ono, chifukwa munthu wongoyamikira kuti ndinu katswiri ndi wosiyana ndi amene amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba mwezi ukangoyamba. Lembani m'kope amene wabwera, amene walipira, amene wasiya ndi chifukwa chake. Ndipo mwezi umodzi usakunamizeni. Mu Januwale anthu amabwera ndi malonjezo a chaka chatsopano, koma m'matumba mwauma ndi Khirisimasi ndi fizi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi bwalo limakhala matope okhaokha. Mu Juni ndi Julayi anthu amakanirira m'bulangete. Kukayamba kutentha, maukwati akachuluka, amabwerera mwaunyinji. Amene wadutsa nyengo zonsezi ndi gulu lake ndiye akudziwa chimene ali nacho m'manja.

Werenganinso kalata imene munasaina polowa ntchito. Mabwana ena amaletsa ntchito yapambali kapena amafuna kuuzidwa, ndipo si bwino kuchotsedwa musanakonzeke. Koma ngati ntchito yanu ikukudwalitsani, kapena mukuzunzidwa, sindikukuuzani kuti mupirire chaka china. Pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu mukadandaule, ndipo funani ntchito ina yogwirizira, ngakhale ya malipiro ochepa, pamene mukumanga iyi.

Kodi ndalama zake n'zokwanira kudyetsa banja?

Ena zimawakwanira, ena zimangowonjezera pa zina. Musadalire za m'maluwa, werengerani nokha. Tinene kuti pakhomo panu pamafunika K400,000 pamwezi, ndipo munthu mmodzi wa pagulu angakupatseni K20,000. Mukufunika anthu 20 olipira mwezi ndi mwezi kuti mungofika pamenepo, musanachotse lendi ya holo, mayendedwe, mayunitsi, ndi nsapato zimene zimatha msanga. Popeza ena adzalipira mochedwa ndipo ena adzasiya, m'kope mwanu mukufunika mayina oposa pamenepo. Ikanipo manambala anu enieni muone chimene chituluke.

Aphunzitsi amene amakhalitsa amaphatikiza njira zingapo. Kulembedwa ntchito pa jimu kapena pa hotela sikulemeretsa, koma ndalama yake ndi yodalirika, ndipo zipangizo ndi anthu mumazipeza pomwepo. Gulu la pabwalo limabweretsa zochepa pa munthu mmodzi koma zambiri mukawerengera ola. Kuphunzitsa munthu kunyumba kwake kumalipira bwino, kungoti mayendedwe amadya nthawi, ndipo iyeyo akapita ku msonkhano ku Mangochi mlungu wonse, inu mugona ndi njala ngati simunalandiriretu. N'chifukwa chake muzilandira ya mwezi wonse koyambirira. Mabanki, makampani ndi mabungwe amachititsanso masewera antchito awo. Kumeneko amafuna kalata yofotokoza mtengo, akaunti ya ku banki ndi nambala ya msonkho ya ku MRA, ndipo apa ndi pamene zaka zanu za muofesi zidzakupindulireni. Mumadziwa kulemba kalata, kusunga nthawi, kulankhula ndi manijala. Anyamata ambiri amphamvu kuposa inu amagwera pamenepa.

Musaiwale kuti chida cha ntchitoyi ndi thupi lanu. Mukadwala malungo kapena bondo likatupa, palibe tchuthi cholipidwa. Penshoni imene bwana amaikako 10 peresenti inu n'kuikako 5 idzasiya kulowa tsiku limene mwachoka, ndipo sikimu ya chipatala ngati munali nayo idzatha. Musanachoke sungani ndalama yokwanira miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Ya chipereganyu kapena ya banki m'khonde ingathandize kugula zipangizo. Ya katapila ayi.

Ndilibe ndalama yotsegulira jimu. Ndingaphunzitsire kuti, ndi chiyani?

Za jimu zisiyeni kaye. Makina othamangirapo ndi okwera mtengo, amafuna magetsi, ndipo akawonongeka zipangizo zake n'zosowa. Bwalo la sukulu, holo ya tchalitchi kapena khonde lalikulu n'zokwanira, bola mupemphe kwa eni ake ndipo mugwirizane polemba. Sipika yotchaja, zingwe zodumphira, timphasa togonapo ndi zitsulo zopepuka zochepa, basi. Kwa woyamba kumene, thupi lake lomwe ndi katundu wokwanira: kunyonyomala n'kudzuka, mapushapu, kukwera sitepe, kuyenda mofulumira. Ngati muzidzaimba nyimbo za anthu pa kalasi yolipiritsa, kafunseni ku COSOMA za chiphaso, pakuti oimba nawonso amadyera momwemo. Ndipo aneba musawadzutse ndi sipika 5 koloko.

Anthu adzandifunsa za zakudya ndi mankhwala ochepetsa thupi. Ndiziwauza chiyani?

Adzakufunsani tsiku loyamba lomwelo, ndipo apa ndi pamene aphunzitsi ena amatayira ulemu wawo. Pali ndalama yachangu pogulitsa tiyi wochepetsa mimba, malamba otulutsa thukuta, ndi mapiritsi kapena jakisoni wokulitsa minofu. Tiyi wambiri wotereyu amangotsegula m'mimba ndi kukodzetsa. Chimene chimatsika pa sikelo ndi madzi, ndipo amabwerera munthu akangomwa. Lamba wa thukuta chimodzimodzi. Mankhwala a steroid amawononga chiwindi ndi mtima, amakweza BP, ndipo amatha kuchepetsa mphamvu yobereka ya mwamuna. Musawagulitse, ndipo musalozere munthu kogula.

Zimene munganene mtima uli m'malo n'zosavuta. Mafuta a pamimba sachoka pochita masewera a pamimba okha. Thupi limachepa lonse pamodzi, munthu akamadya mocheperako kuposa zimene thupi likugwiritsa ntchito. Kutsika ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa mlungu ndi liwiro labwino. Nsima asaisiye, angochepetsa mitanda, akonde ya mgaiwa, achulutse ndiwo zamasamba. Nyemba, usipa, mazira, mtedza ndi soya zimamanga minofu popanda chitini cha ufa wochokera kunja. Kumene ambiri amagwera ndi ku zakumwa zotsekemera, mowa, zokazinga ndi masipuni a shuga mu tiyi. Koma wodwala shuga kapena impso, mayi woyembekezera, ndi amene ali pa mankhwala a nthawi yaitali, ndondomeko ya chakudya chawo ndi ya achipatala. Amene msana wamuwawa miyezi ingapo mutumizeni kwa a physiotherapy. Mphunzitsi amene amatha kunena kuti "izi si za ine, pitani kuchipatala" ndi amene anthu amamukhulupirira n'kumubweretsera abale awo.

Ndili ndi zaka zoposa 40, ndine mayi wa ana atatu, ndipo thupi langa si la pa chithunzi. Kodi sindinachedwe?

Simunachedwe mayi. Azimayi ambiri ofuna kuyamba masewera amachita manyazi kulowa m'chipinda chodzaza anyamata ovula malaya, ndipo ena, chifukwa cha banja kapena chipembedzo, samasuka kuphunzitsidwa ndi mwamuna. Akusowa munthu wonga inu, wodziwa mmene thupi limasinthira pambuyo pobereka, amene sangawaseke. Achikulire nawonso amamasuka ndi munthu wa msinkhu woyandikira wawo. Chofunika n'chakuti muzitha kuonetsa bwino chimene mukuphunzitsa, ndi kumaliza kalasi yonse mawu akutulukabe.

Kwa abambo ndinene mosapsatira. Ntchitoyi imafuna kuyandikira thupi la munthu, choncho pemphani musanagwire, phunzitsirani poonekera, ndipo mauthenga a usiku kwa akazi a eni ndi ana a eni asiyeni. Mbiri ikaipa kamodzi m'tauni, gulu lonse limabalalika.

Kunyumba adzati ndapenga, kusiya ntchito ya tayi n'kumakadumpha pabwalo. Ndiwauze bwanji?

Mantha awo ali ndi chifukwa. Mwina malipiro anuwo ndi amene amalipira fizi ya mng'ono wanu ndi feteleza wa amayi kumudzi. Musawafikire ndi maloto okha, afikireni ndi kope lija: anthu angati, ndalama zingati, kwa miyezi ingati, ndi zimene mwasunga. Akazi anu kapena amuna anu adziwe kuyambira pachiyambi, chifukwa iwo ndi amene adzasenze nanu miyezi yowuma.

Tsiku losiya likafika, ndichoke bwanji?

Chokani mwaulemu. Lamulo la Employment Act la 2000 limati wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo kalata yanu ya ntchito ikhoza kunena nthawi yoposa pamenepo. Wochoka osapereka notisi amayenera kulipira ndalama ya nthawiyo. Wosiya yekha salandira ndalama imene amapatsidwa munthu wochotsedwa pochepetsa antchito, choncho musaiwerengere. Funsani za masiku anu a tchuthi amene simunapite, tengani kalata yosonyeza kuti munagwirapo ntchito, ndipo pitani ku kampani yosunga penshoni yanu mukamve malamulo ake musanayambe kuiona ngati mpamba. M'kalata yosiyira musanyoze aliyense ngakhale mtima uli wodzaza. Anthu a muofesi imeneyo angadzakhale makasitomala anu, ndipo mwina tsiku lina mudzafuna kalata ya umboni kuchokera kwa bwana yemweyo.

Ngati lero mulibe pepala la chithandizo choyamba, mulibe munthu ndi mmodzi yemwe wokulipirani, ndipo simunasunge kalikonse, kalata yosiyirayo musaipereke. Mlungu uno pitani ku ofesi ya Red Cross imene muli nayo pafupi, mukafunse tsiku limene maphunziro akuyamba ndi mtengo wake.